Uthenga Wopanda Nthenga

Padangotero, kudambo kwina mauthenga onse ankayenda ndi Khwangwala. Wotuma ankangofuula ali pathengo, "Ndine uje, kauze uje!" Khwangwala n'kuuluka osaona n'komwe nkhope yake.

Zimenezi zinkamusowetsa mtendere Nkhanga, mayi wa anapiye asanu. Pabwalo anapempha kuti, "Akuluakulu, wotuma azipereka nthenga yake kapena ubweya, kuti wolandira azitsimikiza."

Njati, mkulu wa bwalolo, anapukusa mutu. "Mayi, makolo athu ankatumana chomwechi. Musativutitse."

Tsiku lina Nkhanga ali kokasaka chakudya, Vumbwe anabisala m'tchire nachepetsa mawu. "Ndine Nkhanga. Kauze ana anga abwere kuchulu, ngumbi zatuluka."

Khwangwala anakanenadi. Anawo anathamangira kuchulu mokondwa, ndipo sanabwereko ndi mmodzi yemwe. Nkhanga anakangopeza timiyendo tokha.

Tsiku la maliro Njati anaimirira. "Kuyambira lero, uthenga wopanda chizindikiro cha mwini wake usalandiridwe!" Nyama zonse zinaomba m'manja, kutamanda nzeru za Njati.

Nkhanga anayang'ana mapiko ake nati, "Nthenga ndili nazo zambiri, bambo. Koma uthengawo nditumize kwa yani?"

Nthano yathera pamaliro pomwepo.