Anatisiya pa Mlatho

Masiku ano nkhani ya kunkhondo siikambidwa pakhomo isanayesedwe ndi makina a boma. Lachiwiri anabweretsa makinawo kwathu kuti amve a Gomeza, mboni yokhayo yotsala ya malemu agogo.

"Pamlatho paja," anatero a Gomeza, "m'pamene mnzathuyo anatisiya."

"Anakusiyani. Wothawa nkhondo," makina analengeza. "Dzina lichotsedwe pachipilala."

Amayi anagwira pakamwa.

"A Gomeza, nenani kuti anafa!" ndinakuwa.

"Iwe, imafa ndi nkhuku. Ndinene zimenezo pamaso pa mwana wawo?"

"Ndiye alembedwe amantha chifukwa cha ulemu wanuwo?"

Anandiyang'anitsitsa, n'kutsokomola.

"Chabwino. Anatsogola."

"Anatsogola. Mtsogoleri wa gulu. Dzina likwezedwe pamwamba."

Ndimati ndinene kuti agogo anali ophika chabe, amayi n'kunditsina.