Mkamwini amene anakana nyama ya hatchi

Panali munthu wina, dzina lake Ulukbek, amene anachititsa manyazi apongozi ake, a Toktosun, anthu akuona, kuno ku Naryn, chisanu cha chaka chatha chitangoyamba. Amene analipo akadali moyo, mukhoza kuwafunsa.

Ulukbek anakwatira Aizirek, mwana yekhayo wa a Toktosun, n'kupita naye kumzinda waukulu wa Bishkek. Kumeneko anagula galimoto yofiira yaliwiro, ya mipando iwiri, yonyonyomala ngati chule, imene mphamvu yake ili m'matayala akumbuyo okha. Chigulireni galimotoyo, moni wake unafupika.

Chisanu chikamayamba, banja lililonse limapha chiweto chonenepa choti lidye mpaka chipale chofewa, chimene chimagwa ngati ufa m'nyengoyi, chidzasungunuke, ndipo ana a m'tauni amabwera kudzatenga gawo lawo. A Toktosun anali ndi hatchi imodzi imene anainenepetsa ndi balere, iwo akumwa tiyi wopanda shuga. Anaipha, naitana mwana wawo ndi mkamwini. Anabwera msewu uli wouma. Akudya, chipale chinayamba kugwa, ndipo kunacha kuli mbee.

M'mawa a Toktosun anatuluka ndi matumba awiri, ntchafu ndi nthiti, nyama imene amapatsa mlendo wolemekezeka. Ananyamula okha, msana ukupweteka. Buti ya galimoto inali yotsegula, ndiye anaika thumba loyamba.

Ulukbek anathamanga. “Aaa, bambo, iyi si ngolo! Magazi akadontha pa kapeti, fungo lake tidzachotsa ndi chiyani?”

“Nyamayi yauma gwa ndi chisanu, mwananga. Sidontha.”

“Ikafika kumunsi isungunuka. Ku Bishkek nyama iliko, timagula yokulunga bwino.”

Anakoka thumbalo n'kuligwetsa pa chipale, napukuta manja ndi kansalu. Agalu anabwera kudzanunkhiza. Anthu amene anatuluka kudzatsanzika anangoyang'ana pansi.

Kubat, woyandikana nawo nyumba, anaseka. “Akamwini, nyama mwakana, ndi zanu. Koma galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo imafuna katundu kumatako, ngakhale ana kuno amadziwa. Kagalimoto kangaka ndimakaikira thumba la mchenga mpaka chisanu chithe. Yanuyi ili ngati nkhosa yodula mchira. Matayalanso ndi a nyengo yotentha, osalala ngati dazi la a Toktosun.”

“Achimwene, kanuko ndi wilibala,” anatero Ulukbek. “Iyi ili ndi makina, imadziwa yokha pamene pali chipale.”

“Ndiye ipite yokha, inu mutsale,” anayankha Kubat.

A Toktosun za nyama anali ataziiwala. Ankaganiza za mpata wa Dolon, kumene msewu umakhotakhota m'mphepete mwa phompho. Anagwira mwana wawo padzanja.

“Aizirek, iwe tsala. Ukwera basi mawa akapala chipale mumsewu.”

Aizirek anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anali atakhala kale pa chiwongolero, akuyang'ana wotchi.

“Ababa, mukufuna anthu anene kuti ndasiya mwamuna chifukwa cha ntchafu ya hatchi?”

“Anene. Pakamwa ndi pawo.”

“Mumaopa zilizonse, ababa. Ndikuimbirani tikafika.”

Analowa m'galimoto. A Toktosun anatambasula manja kuti awadalitse, monga amachitira wamkulu anthu akamanyamuka ulendo. Ulukbek sanadikire. Anaponda moto, matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, nawaza chipale m'manja mwa nkhalamba. Galimoto inachoka ikugwedeza kumbuyo ngati galu. Nkhalambayo inamaliza dalitso lake yokha, inatola matumba aja n'kukawabwezera m'nkhokwe.

Dzuwa lisanapendeke, foni inalira. Sanali Aizirek. Anali woyendetsa lole ya malasha, amene anapeza nambala m'foni ya mtsikanayo. Anati iye ankakwera phiri pang'onopang'ono, matcheni ali m'matayala. Galimoto yofiira inali pambuyo pake, ikuliza hutala osapuma. Atafika pokhota, pafupi ndi pamwamba, yofiirayo inatuluka kuti idutse. Woyendetsa yofiirayo atangoponda moto, kumbuyo kunatsetsereka n'kupita kutsogolo. Anaponda buleki, ndipo ndi pamene inazunguliratu. Inatsika m'phompho cham'mbuyo, magetsi akuyang'ana kumwamba.

A Toktosun anapita pamalo a ngoziyo ndi Kubat pa kagalimoto kakale kaja.

Aizirek anam'tulutsa wamoyo, chiuno chitathyoka. Lero ali kwa bambo ake, amayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo amene amam'tungira madzi ndi nkhalamba ya msana wopweteka, imene inayenera kumatungiridwa ndi iye. Abale a mwamuna anabwera ndi lole kudzakoka zitsulo za galimoto, koma pakhomo pa a Toktosun sanaime, ngakhale kufunsa kuti mtsikana wagona bwanji.

Ulukbek anafera pa chiwongolero. Anamuika ku Bishkek.

Phunziro: Inu anyamata a m'tauni, chipale sichidziwa mtengo wa galimoto. Ngati yanu imakankha ndi matayala akumbuyo, ilemetseni kumbuyo, sinthani matayala, pokhota musaponde moto, kapena isiyeni mukwere basi. Ndipo nkhalamba ikakupatsani chinthu ndi manja awiri, landirani, chifukwa simudziwa chimene chikusungeni. Mukafuna kufa, ifani nokha, ana a eni musiyeni. Tumizani nkhaniyi kwa akamwini onse amene mukuwadziwa, makamaka amene amati amadziwa kale.