Kochi amene ankaphunzitsa kulakwa mayeso dala

Panali bambo wina ku Mississippi, dzina lake Wendell Tarpley. Ali mnyamata anali katswiri pa mpira wa kukoleji, uja wogundana atavala zisoti, ndipo atakula anakhala kochi wa timu yomweyo.

Chaka chilichonse ligi isanayambe, dokotala wa timu, mayi Hutto, ankayesa ubongo wa osewera powalowezetsa mawu ndi manambala. Wosewera akagundidwa mutu ankamuyesanso, ndipo zotsatira zikatsika poyerekeza ndi zoyamba ankamutulutsa m'bwalo.

Tarpley ankaziona ngati zachibwana. Ankanong'oneza anyamata ake kuti mayeso oyambawo azilakwa dala, kuti tsiku lovulala pasadzaoneke kusintha. Mayi Hutto atamva mphekesera anamuchenjeza, iye n'kungoseka.

"Adokotala, ine ndinakomokapo kanayi m'bwalo lomweli. Ndafa?"

Kenako mwana wake mmodzi yekhayo, Dontrell, analowa timuyo. Ameneyu sanamunong'oneze kanthu. Bamboyu kulimba mtima kwake kunali pa ana a eni basi.

Loweruka lina bwalo litadzaza, Dontrell anagundana mutu ndi chimunthu cha timu inayo, n'kudzuka akudzandira. Tarpley anachita mantha. Koma mayi Hutto atamuyesa anati zotsatira zikufanana ndi zoyamba, ndipo mtima wa bambo unakhala pansi. Tarpley anamusisita mwana wake paphewa.

"Bwerera, mwana wanga, ukawaonetse."

Sipanathe mphindi zisanu. Anangomugunda pang'ono, Dontrell n'kugwa chafufumimba, osadzukanso.

Kuchipatala anati magazi atayikira mu ubongo. Tarpley anayamba kulalatira mayi Hutto kuti sadziwa ntchito. Pamenepo Cleon, wosewera amene ankagona chipinda chimodzi ndi Dontrell, anaimirira akulira.

"Kochi, zolakwa dala zija ndinamuuza ndine. Poyamba anakana, ndiye ndinati anatiphunzitsa ndi adadi ako. Iye anati, 'Ngati ndi adadi, basi n'zabwino.'"

Tarpley anangokhala pansi pomwepo.

Dontrell sanamwalire, koma mpaka lero sayenda, salankhula. Amachita kumudyetsa ndi supuni, ndipo womudyetsayo ndi bambo ake, amene anasiya ukochi sabata yomweyo.

Phunziro: Chinyengo chimene ukuphunzitsa ana a anzako sungachiuze khomo loti chisagogode, chidzafika ndi kwako komwe. Dokotala akati mwana apume, msiyeni apume. Tumizani nkhaniyi kwa makolo, aphunzitsi ndi makochi onse amene mukuwadziwa.