Mgolo Wapakona

Mkulu wa asilikali a ku Jeremani anaima pa mgolo wapakona, naugogoda ndi ndodo yake. M'katimo munalibe vinyo. Munali Gaspard, bwenzi langa, yemwe ankasakidwa chifukwa chothawa ntchito yokakamiza ya ku Jeremani. Ndinamubisa ndekha m'chipinda chathu chapansi chosungiramo vinyo, osauza munthu, ngakhale bambo anga.

"Mdala, tilaweko uyu," anatero msilikaliyo kwa bambo.

"Ameneyo ngowawasa, bwana. Sanapse."

"Ndati thira!"

Bambo anatenga tambula, napotokola kampopi ka mgolowo. Ndinatsinzina, kudikira kulira kwa mfuti.

Ndinamva kuchucha. Anali vinyo!

Msilikali uja anamwa, nalavula, natukwana mphesa zonse za m'dera lathu la Champagne, ku France. Kenako anakwera masitepe ndi anzake.

"Bambo, zatheka bwanji?" ndinanong'ona.

"Kuseri kwa mpopiwo kuli kamgolo kakang'ono. Ndinakaikamo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, amayi ako atabisa chibwenzi chawo mumgolomo." Anapukuta tambula ija osandiyang'ana. "Odile, maso akowo unatengera mwamuna ameneyo. Katsekule msanga, mnzakoyo angabanike."