Mkono wa a Fanizo

"Ungoukoka basi, ubwerere m'malo mwake," anatero a Fanizo, akuloza mkono wawo wotupa. Anali atagwa pa njinga ndi thumba la mpunga pochokera ku sikimu ya Bwanje.

Rute, mwana wawo wachisamba, ankaphunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi ku yunivesite. Atagwira zala za bambo akewo anapeza zitazizira, zikhadabo zitayamba kuda. Chigongono chinali chitakhota. Zimenezi anaziphunzira bwino: fupa lothyoka likapana mtsempha wa magazi, kukoka n'kutaya mkono.

"Ababa, apa pakufunika chipatala, lero lomwe."

"Chipatala cha chiyani? Si iwe unatitumizira chithunzi utakumbatira mafupa a munthu m'kalasi? Ine sindikafola pamzere dokotala ali m'nyumba mwanga."

"Ndine wa masewera ine, si dokotala."

"Wayamba kunyada," mayi ake analowererapo, atanyamula madzi otentha othowera. "Bambo ako akubuula, iwe zochita ukuzidziwa."

Rute anayang'ananso zalazo. Pa mayeso a mafupa ndi minofu anaposa kalasi yonse, ndipo ankadikira kuti awauze onse atakhala pansi.

"Mayeso a mafupa aja ndinalephera," anatero motsitsa mawu. "Ndinali womaliza."

A Fanizo anafungatira mkono wawo n'kusuntha pang'ono.

"Itanani wa kabaza," anauza akazi awo.

Pokwera njinga yamoto ya kabazayo, a Fanizo sanamuyang'ane Rute.

"Mwayi wake waulula," anatero. "Akanandipundula mwana ameneyu."