Kabokosi ka Adokotala

"Patukani, mpatseni mpweya!" anakuwa Adokotala, akudumpha pa njinga yamoto isanaime n'komwe.

Udokotalawo unali wa dzina chabe. Anzake onyamula anthu panjinga anamupatsa dzinali chifukwa cha kabokosi ka bandeji, thonje ndi mankhwala a zilonda komwe ankamangirira kumbuyo kwa mpando. Chaka chathunthu ankangokapukuta fumbi, wovulala osapezeka.

Lero mwayi unamugwera. Yemwe anagwa ndi njinga ataterereka pamchenga anali Wailesi, mnzake wolongolola uja amene ankamuseka kuposa onse.

"Achimwene, musagwedezeke," anatero Adokotala, akuvala magolovesi monyadira. "Tione bondolo."

Wailesi anapinda thalauza. Magazi anali akuyenderera mpaka m'nsapato.

Adokotala anayang'ana kamodzi. Kenako khu! chagada, mutu n'kumenyetsa pa tayala.

Atatsitsimuka anapeza mutu wake wakulungidwa bwinobwino. Wailesi ankatseka kabokosi kaja, bondo lake atalimanga ndi sokosi.

"Nanga inu bandeji simunadzimange bwanji?"

"Yonse yathera inuyo," anayankha Wailesi. "Koma kabokosika musamakasiye, Adokotala. Simudziwa tsiku lomwe mudzaonenso magazi."