Kuchira kwa a Nasibeko

Chikhazikitsireni lamulo loti wophunzira zaumoyo aliyense azisamalira kaye munthu wotsirizika asanalandire satifiketi, m'nyumba mwa a Nasibeko munayambanso kumveka mawu. Ana awo anasamukira kutali kalekale. Tsopano Tiyanjane, wophunzira unamwino, ankawatembenuza pamphasa, pamene Lonjezo wa udokotala ankaphunzira kukhala chete atawagwira dzanja.

Koma chifuwa chimene ankadwalacho chinayamba kutha. A Nasibeko sanauze munthu. Akangomva mapazi pakhonde, ankafunda bulangete n'kuyamba kubuula.

"Agogo, chinangwa chinali m'licheromu chapita kuti?" anafunsa Tiyanjane.

"Makoswe, mwanangu."

"Makoswe ake odziwa kusenda ndi mpeni?"

Lonjezo anayang'ana kachibangili koyeza mtima pamkono pawo. "Mwachira, agogo. Makinawa anena kale kuboma. Mawa atitumiza kwa wodwala wina kutsidya."

Agogowo anayang'ana kudenga. "Ndikadzayambanso kufa, mudzabwera ndinu?"

"Ife tidzakhala titamaliza sukulu. Adzabwera ena."

"Ndiye mukawauze kuti ndimagonera kumanzere, ndiponso kuti azindiitana Nasibeko," anatero motsitsa mawu. "Mukapita inu, palibenso wina wozidziwa."